Pa ola, pa gawo kapena kugawana phindu: wojambula pixel art wa mu Blantyre azilipitsa bwanji?

Uthenga wopempha ntchito ya pixel art, zojambula za timadontho ta makona anayi (ma pixel) ngati za magemu akale, umakonda kubwera waufupi: "Ndikupanga gemu, ndikufuna character imodzi ya 32x32. Mumatchaja zingati?" Wolembayo ali ku Poland, ku Brazil kapena ku America. Inu muli ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, ndipo musanamalize n'kuwerenga komwe mwayamba kale kuchulukitsa m'mutu kuti madola 30 ndi makwacha angati. Ndalama zambiri za ojambula zimathera pomwepa, ntchito isanayambe n'komwe, chifukwa timathamangira kutchula nambala tisanagwirizane kuti nambalayo ikulipira chiyani, ibwera liti, ndipo gemuyo ikafera m'njira woluza akhala ndani.

Kalipiridwe ka ntchitoyi kali mitundu ingapo. Ena amalipira pa ola, ena pa chidutswa chilichonse, ena amadula ntchito m'magawo n'kumalipira gawo likatha. Aliponso olonjeza kuti mudzagawana phindu gemu ikadzayamba kugulidwa, ndiye palinso njira yodzijambulira wekha n'kukagulitsa pa msika wa pa intaneti. Njirazi sizilemera mofanana. Kwa munthu wokhala mu Blantyre, ine ndimaona kuti maziko akhale mtengo wa pa gawo, wokhala ndi dipoziti, wowerengedwa kuchokera pa maola anu enieni. Zinazo zibwere pamwamba.

"Character imodzi" ija ndi ntchito yochuluka bwanji?

Tengani gemu yooneka kuchokera pamwamba, ya mtundu wa Stardew Valley. Character, kutanthauza munthu wa mu gemuyo, amayenera kuima akupuma, kuyenda, kumenya, kuvulala ndi kufa. Tiyerekeze kuti kuima kukudya ma frame 4 (zithunzi zotsatizana zimene zimaonetsa kusuntha), kuyenda 6, kumenya 5. Akwana 15. Koma munthuyo ayenera kuyang'ana kutsogolo, kumbuyo ndi kumbali, ndiye 15 aja tiwachulukitse katatu, akwana 45. Onjezerani 2 a kuvulala ndi 6 a kufa, mwafika pa 53. Mbali yachinayi timangotembenuza chithunzi, koma mukatero lupanga limene linali kudzanja lamanja limasamukira kumanzere. Kasitomala akakana zimenezo, mwaonjezera ma frame ena 15, onse pamodzi 68. Zonsezitu mu uthenga muja zangolembedwa kuti "character imodzi".

Ntchito imeneyi ikakutengerani maola 20, madola 30 aja akutanthauza dola imodzi ndi theka pa ola. Ngati yadzera pa Fiverr, msika wa maganyu wa pa intaneti, yomwe imadula 20 peresenti kwa wogulitsa, mwatsala ndi madola 24, ndiye kuti $1.20 pa ola. Apo simunakonze kalikonse komwe kasitomala wadandaula.

Kukula kwa chithunzi nako kumapusitsa. Sprite (chithunzi cha munthu kapena chinthu cha mu gemu) ya 32x32, kutanthauza ma pixel 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, ili ndi ma pixel 1,024, pomwe ya 64x64 ili ndi 4,096, kanayi osati kawiri. Komanso chaching'ono si chophweka ayi. Pa 16x16 diso la munthu ndi pixel imodzi, ndipo mukaisuntha malo amodzi okha nkhope yosekerera imasanduka yolusa. Tileset, gulu la matailosi omangira malo a mu gemu, nayonso imabisa ntchito. Kuti udzu ndi madzi zikumane bwinobwino m'ngodya zonse, kakonzedwe kotchuka kamafuna matailosi 47, koma kasitomala amangoti "ndikufuna udzu ndi madzi basi".

Dziwani kaye pansi panu

Njira iliyonse mungasankhe, pali nambala imodzi yofunika kuidziwa musanayankhe munthu: ndalama yochepetsetsa imene ola lanu liyenera kubweretsa. Lembani zonse zimene mumawononga pa mwezi, lendi, chakudya, mayunitsi a magetsi, madzi, bandulo, minibasi, zotumiza kumudzi, ndi kangachepe kosungira laputopu ina chifukwa ilipoyo idzafa ndithu. Tingoyerekeza kuti zakwana K900,000, inu muikepo nambala yanu. Musagawe ndi maola 160 ngati wa pa ofesi. Nthawi yambiri imathera posaka makasitomala, kuyankha mauthenga, kudikira magetsi ndi kuima pa mzere ku banki, ndipo maola amenewo palibe amakulipirani. Mukapeza maola 100 olipidwa pa mwezi ndiye kuti mwezi wayenda bwino. Zikatero ola lanu ndi K9,000. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, ndi madola 5 ndi pang'ono, ndipo ngati Fiverr ikadulepo gawo lake muyenera kutchula oposa 6 kuti 5 aja akufikeni.

Nambala imeneyi si mtengo wanu. Ndi malire oti pansi pake mukulipirira kasitomala gemu yake kuchokera m'thumba mwanu.

Pali msampha wina umene ndi wathu wa kuno. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma anakwera mu 2024 kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, choncho mukauza abale kuti mzungu wakupatsani madola 100 pa ntchito ya sabata imodzi, onse aziti mwalemera. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo laputopu, SSD kapena inverter imene mukagule ku Limbe mtengo wake umatsatira dola ya pamsewu, pomwe ndalama zanu zikulowa pa mtengo wa ku banki. Mumalandira ndi dola yotsika, mumagula ndi dola yokwera. Kusiyana kumeneko kumadya phindu mwakachetechete.

Chinanso, gemu ikaikidwa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, imagulitsidwa mtengo womwewo kaya sprite inajambulidwa ku Berlin kapena ku Bangwe. Kutsika pang'ono poyerekeza ndi wojambula wa ku Ulaya kuti mupeze ntchito si tchimo, moyo wa kuno ndi wotchipirapo pa zinthu zina. Koma kutchula gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake ndi kupereka mphatso kwa munthu amene sanapemphe, ndipo makasitomala olongosoka amakayikira mtengo wotsikitsitsa. Otsalawo, okopeka ndi kutchipa kokha, ndi omwe amavutitsa kwambiri pa zokonzakonza.

Pa ola

Kulipidwa pa ola kumakoma pamene ntchito sikudziwika malire ake. Kasitomala sanasankhe maonekedwe a gemu, akufuna muyese mitundu iyi ndi iyo. Kapena wabwera ndi ma sprite a munthu wina amene anathawa ntchito ili pakati, akuti mumalizitse motsatira kajambulidwe kake. Masiku ano palinso obwera ndi chithunzi chopangidwa ndi AI n'kumati "mungochiyeretsa pang'ono". Zithunzi zotere zimaoneka ngati pixel art mukaziyang'ana patali, koma mukazikulitsa mupeza ma pixel osiyana kukula, mitundu mazanamazana ndi mizere yosalunjika, ndipo nthawi zambiri kujambulanso kumafulumira kuposa kuyeretsa. Ntchito zoterezi musazitchulire mtengo umodzi, muzilira nokha.

Pa Upwork, msika wina wa maganyu wonga Fiverr, ntchito ya pa ola ili ndi chitetezo chake. Pulogalamu yawo imawerenga nthawi n'kumajambula sikirini yanu pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo maola olembedwa motero ndi amene amatetezedwa kasitomala akakana kulipira. Maola olemba pamanja satetezedwa. Kwa ife amene magetsi amathima ntchito ili mkati, n'kusamukira kwa mnzathu ku Namiwawa kapena kujambulira pa foni, imeneyi ndi nkhani yoganizira. Peresenti imene Upwork imadula yasinthasintha zaka zapitazi, ndiye muziiona pa kontirakiti iliyonse musanavomere, ndipo kufunsira ntchito komweko kumadya ma Connects, mapointi ofunsira ntchito omwe amagulidwa.

Kuipa kwa pa ola n'koti kumalanga wodziwa ntchito. Mukaphunzira kumaliza kayendedwe ka munthu m'maola atatu m'malo mwa asanu ndi limodzi, malipiro anu atsika ndi theka pokhapokha mukweze mtengo wa ola, ndipo kukweza kwa kasitomala wakale n'kovuta. Komanso opanga magemu ang'onoang'ono ambiri akulipira kuchokera pa salale yawo ya ntchito ina, ndiye amaopa bilu yopanda malire. Mukafuna kuwakhazika mtima pansi, ikani malire a maola pa sabata, n'kumawatumizira zomwe zachitika Lachisanu lililonse.

Pa chidutswa ndi pa gawo

Mtengo wa pa chidutswa umayenera tinthu tofanana tambirimbiri: ma icon a zida, zipatso, makiyi, mabotolo a mankhwala. Mumatchula mtengo wa kamodzi, kasitomala amachulukitsa yekha, nkhani yatha. Pa ma character, tchulani chithunzi choyamba padera ndi ma frame a animation padera, chifukwa kupeka munthu watsopano ndi ntchito ina, kumuyendetsa ndi ntchito inanso.

Koma pa ntchito yaikulu, kudula m'magawo ndi kumene kumateteza mbali zonse ziwiri. Uthenga wake ungaoneke motere: "Gawo loyamba ndi chithunzi chimodzi choima, 32x32, mitundu yosapitirira 16. Kukonza ndi kawiri, kachitatu n'kolipira padera. Mukachivomereza ndiyamba gawo lachiwiri, kuima ndi kuyenda mbali zitatu, ma frame 30. Theka la ndalama ya gawo lililonse limabwera ndisanayambe, theka linalo ndisanatumize mafayilo. Mukasintha maonekedwe a character gawo lachiwiri litayamba, imeneyo ndi ntchito yatsopano."

Chiganizo chomalizachi ndi chimene chimapulumutsa anthu. Kasitomala akaona munthu wake akuyenda, m'pamene amakumbuka kuti akanakonda atavala chipewa. Kwa iye ndi kanthu kakang'ono. Kwa inu chipewacho chiyenera kujambulidwa pa ma frame onse 30, chizidumpha bwino munthuyo akamaponda. Ndiye chithunzi choyamba chivomerezedwe molemba, osati pakamwa pa foni.

Za dipoziti musachite nazo manyazi. Kalipentala wa ku Ndirande sadula thabwa asanalandire kenakake, ndipo palibe amamunena kuti ndi wamwano. Munthu wokana kulipira theka la gawo laling'ono loyamba wakuuzani kale momwe mapeto adzakhalire.

Kenaka pali nkhani ya kutumiza zoonetsa. Pixel art ndi yosavuta kuba kuposa zojambula zina. Mukatumiza GIF yokulitsidwa kanayi yoyera bwino, munthu amangoichepetsa kanayi n'kupeza ma pixel anu onse momwe alili, osasowa n'kamodzi komwe. Choncho zoonetsa zikhale kanema wokhala ndi dzina lanu pamwamba, kapena mungojambula sikirini ndi foni. Sprite sheet ya PNG (chithunzi chokhala ndi ma frame onse) ndi fayilo yokhala ndi ma layer ya Aseprite (pulogalamu yojambulira pixel art) zipite ndalama ikalowa.

Funso lotsatira n'lakuti mudzere pa Fiverr ndi Upwork kapena mugwirizane mwachindunji ndi munthu amene mwakumana naye pa Discord, X kapena Reddit. Pa Fiverr kasitomala amalipiriratu, ndalama n'kukhala m'manja mwa kampaniyo, ndipo kwa ogulitsa ambiri imadikira masiku 14 ntchito itavomerezedwa isanatheke kutulutsidwa. Pa Upwork ndalama ya gawo imasungidwa kaye mu escrow, kutanthauza m'manja mwa kampaniyo, musanayambe. Peresenti yomwe amadula ndi yowawa, koma kwa munthu wosamudziwa ndi mtengo wa mtendere wa mumtima. Mwachindunji simudulidwa peresenti imeneyo, koma mukaberedwa mulibe kokadandaula. Musaiwale kuti malamulo a makampani awiriwa amaletsa kutulutsa kasitomala amene mwamupezera pamenepo n'kumakalipirana kuseri, ndipo akakugwirani akaunti imatsekedwa pamodzi ndi ndemanga zonse zabwino zimene munavutikira.

Kuipa kwa pa gawo n'kumodzi: mukaphonya powerengera nthawi, woluza ndinu. Mankhwala ake ndi kulemba maola a ntchito iliyonse, ngakhale kasitomala sakulipira pa ola. Pakatha ntchito zingapo mumadziwa kuti kayendedwe ka ma frame 6 kamakudyerani nthawi yaitali bwanji, ndipo mitengo yanu imasiya kukhala yongolota.

Kugawana phindu

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa ndi pamene achinyamata ambiri aluso amatayira chaka chathunthu. Uthenga wake umakoma: gemu yathu idzakhala yaikulu, pano ndalama tilibe, koma mudzalandira 10 peresenti ya phindu.

Tiwerengere. Tiyerekeze kuti gemuyo yamalizidwa, zomwe pazokha si zapafupi, ndipo yagulidwa ndi anthu 500 pa madola 10. Ndi madola 5,000. Steam imatenga 30 peresenti, atsala 3,500. Pamenepa sitinachotse obweza gemu, omwe Steam imawalola ngati sipanathe masiku 14 ndipo sanasewere maola opitirira awiri. Sitinachotse misonkho, kapena kuganizira kuti magemu ambiri amagulidwa nthawi ya sale pa mtengo wotsitsidwa. Ngati pali kampani yosindikiza imene inaikapo ndalama, kawirikawiri imayamba yabweza zake. Ngakhale titanyalanyaza zonsezi, gawo lanu ndi madola 350, pa ntchito ya miyezi yambiri. Ndipo anthu 500 si ochepa. Mu 2023 mokha pa Steam panatuluka magemu opitirira 14,000, ambiri mwa iwo osadziwika ndi aliyense.

Anthu amakonda kutchula Stardew Valley, yomwe Eric Barone anapanga yekha kwa zaka zoposa zinayi n'kuitulutsa mu 2016. Koma iye anali mwini wake wa gemu yonse, sanali wolembedwa ganyu wodikira 10 peresenti. Chitsanzo chophunzitsa bwino ndi Shovel Knight ya 2014. A Yacht Club Games anatolera madola oposa 300,000 pa Kickstarter, tsamba losonkhetsera ndalama, mu 2013, anali anthu odziwa ntchito, koma ndalamazo zinatha gemu isanathe ndipo anagwira miyezi pafupifupi isanu osalandira kanthu. Iwo zinawayendera pamapeto. Funso kwa inu n'lakuti alandilodi anu ku Zingwangwa angadikire miyezi isanu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Sindikunena kuti kugawana n'koipa nthawi zonse. Motion Twin ya ku Bordeaux, yomwe inatulutsa Dead Cells mu 2018, ndi kopaletivi ya antchito, onse amalandira mofanana ndipo onse ali ndi mawu pa zochitika. Kumeneko ndiye kugawana kwenikweni: muli ndi gawo la umwini, mabuku a ndalama mumawaona. Zomwe timapatsidwa ife pa intaneti nthawi zambiri ndi zina. Akaunti ya Steam ili m'manja mwa munthu mmodzi, ndalama zimalowa kwa iye, ndipo inu mumangomva zimene wakuuzani. Akasiya kuyankha mauthenga, kumusumira munthu wa ku Canada muli ku Chirimba n'kosatheka, ngakhale mutakhala ndi kontirakiti yosainidwa bwino.

Ngati mtima ukufunabe, funsani zinthu zooneka. Ilipo build, gemu yoyesera, yoti muisewere lero? Analipira kale madola 100 amene Steam imafuna pa gemu iliyonse, ndipo tsamba la gemuyo lilipo? Anamalizapo gemu ina m'mbuyomu, ngakhale yaing'ono? Peresentiyo ikuchokera pa ndalama imene Steam yatumiza, kapena pa "phindu" limene latsala iye atachotsa zowononga zomwe amadziwerengera yekha? Kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakukulu, chifukwa phindu la mtundu wachiwiriwu limatha kukhala ziro mpaka kalekale. Lembaninso kuti gemu ikapanda kutuluka pofika tsiku lakuti, zojambula zonse zibwerera kwa inu, mukhoza kuzigulitsa kwina.

Njira yokhayo imene ndingalimbikitse ndi yosakaniza: mtengo wotsitsidwa, koma wosatsika kupyola pansi panu paja, kuphatikiza peresenti. Gemu ikafa mwadya, ikaphulika mwadya kawiri. Kugawana kopanda ndalama iliyonse kusiyireni anzanu amene mumawadziwa maso ndi maso, pa ntchito yaifupi ngati ya Global Game Jam ya mu January, pomwe anthu amasonkhana kupanga magemu mwachangu, imene mukuchita pofuna kuphunzira ndi kusangalala.

Za olonjeza "kukutchukitsani" sinditayapo nthawi. Chimodzimodzi mayeso aulere otenga masiku. Portfolio yanu, zitsanzo za ntchito zimene munachita kale, ndiyo mayeso, ndipo wofuna kuona zambiri alipire kachidutswa kamodzi.

Kugulitsa mapaketi anu

Apa palibe bwana. Mumajambula tileset, ma icon kapena gulu la ma character, n'kuika pa misika ya pa intaneti ngati itch.io kapena Unity Asset Store, ndipo paketi imodzi imagulidwa ndi anthu ambiri. Pa itch.io, yomwe Leaf Corcoran anayambitsa mu 2013, wogulitsa amasankha yekha gawo lopita ku kampaniyo, poyambira pake ndi 10 peresenti. Unity Asset Store imatenga 30. Umwini umakhala wanu.

Ndalama yake imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mpikisano ndi woopsa chifukwa zaulere ndi zambiri, monga za wojambula wotchedwa Kenney ndi za pa tsamba la OpenGameArt. Paketi ya nkhalango, ndende ya pansi pa nthaka ndi asilikali a malupanga ilowa m'gulu la zikwizikwi zofanana nayo. Chomwe chikusowa ndi chomwe timachiona tsiku ndi tsiku: nyumba za malata zokwera phiri la Ndirande, minibasi yotsegula chitseko kondakitala atalendewera, kabaza, mabenchi a tomato mu msika wa Limbe, mlambe, chitenje choyanikidwa pa chingwe. Ogula zotere ndi ochepa, koma opikisana nanu ndi ochepanso kwambiri, ndipo paketi yotere imagwiranso ntchito ngati chikwangwani chokuitanirani makasitomala.

Pali nkhani ya msonkho imene imadzidzimutsa ambiri. Dziko la Malawi lilibe pangano la misonkho ndi America, pomwe South Africa ili nalo. Choncho pa ndalama ya mtundu wa royalty (imene mwini chinthu amalandira chikamagulidwa) yochokera ku malonda a ku America, misika ngati Steam ndi itch.io imadula 30 peresenti mukadzaza fomu ya msonkho yosonyeza kuti ndinu wa kuno. Malipiro a ntchito imene mwagwira muli ku Blantyre, kasitomala n'kukulipirani ngati ganyu, salowa m'gulu limeneli. Ichi ndi chifukwa china chimene mapaketi ayenera kukhala ntchito ya masabata opanda oda, osati yodalira pa lendi.

Makasitomala a kuno ndi a pafupi

Ntchito za pixel art za mu Malawi muno n'zochepa, koma zimapezeka: ophunzira a ku MUBAS ofuna zojambula za pulojekiti, mabungwe opanga timagemu tophunzitsa ana, makampani otsatsa malonda, oyimba ofuna kanema wa maonekedwe a magemu akale. Wophunzira alibe zambiri, koma amalipira pompopompo pa Airtel Money kapena Mpamba. Bungwe lili ndi bajeti, koma invoice imayenda maofesi angapo, ndipo mukamauzidwa kuti osaina ali ku field, kwacha ikutha mphamvu m'manja mwawo. Lembani pa quotation kuti mtengowo ndi wa masiku 14 okha, ndipo dipoziti ikhale yokulirapo kuposa ya wakunja. Mabungwe ndi makampani amadula withholding tax, msonkho wochotseratu pa malipiro, ndiye khalani ndi TPIN, nambala ya msonkho ya MRA, ndipo muzitenga satifiketi ya zomwe adulazo, apo ayi ndalamayo simudzaiwerengeranso pa msonkho wanu.

Musaiwale South Africa. Broforce, gemu ya pixel art ya 2015, inapangidwa ndi Free Lives ya ku Cape Town, ndipo m'dzikomo muli masitudiyo angapo ogulitsa pa msika wa dziko lonse. Nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Mayiko ambiri a ku Ulaya nawonso amafanana nafe nthawi miyezi yawo yotentha, n'kusiyana ola limodzi lokha miyezi yozizira. Kuyankha kasitomala masana omwewo ndi chinthu chogulitsika, muzichitchula pokambirana mtengo.

Mukugulitsa chithunzi kapena umwini?

Mitengo iwiri yofanana ikhoza kukhala malonda awiri osiyana kotheratu. Kulola munthu kugwiritsa ntchito zojambula mu gemu imodzi, inu n'kukhalabe mwini, ndi kotchipa. Kumupatsa yekha, osagulitsanso kwina, kukwere. Kumupatsa umwini wonse, kuti akhoza kusindikiza pa malaya, kupanga gemu yachiwiri kapena kugulitsa kwa ena, kukwere kwambiri. Makasitomala ambiri amafuna chachitatuchi pa mtengo wa choyamba, osati mwa nkhanza, koma chifukwa palibe anawafunsa. Kuno tili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 ndi bungwe la COSOMA, koma pa ntchito yodutsa malire chokutetezani kwenikweni ndi zimene munalemberana, makamaka chiganizo chakuti umwini usamuka ndalama yonse ikalipidwa.

Zinthu ziwiri musazigulitse pa mtengo uliwonse wamba: dzina lanu mu credits (mndandanda wa opanga gemu) ndi ufulu woonetsa ntchitoyo mu portfolio gemu ikatuluka. Pedro Medeiros wa ku Brazil amadziwika dziko lonse chifukwa aliyense akudziwa kuti pixel art ya Celeste ya 2018 inadutsa m'manja mwake. Wofuna kuti mubisale kotheratu, alipire kubisalako.

Ndalama ifike bwanji m'manja

Mtengo wabwino ulibe ntchito ngati ndalama yakanirira panjira. Fiverr, Upwork ndi itch.io zimatulutsa kudzera m'njira ngati Payoneer ndi PayPal, ndipo kasitomala wachindunji akhoza kutumiza ku banki kapena kudzera m'makampani otumiza ndalama. Musanavomere ntchito yaikulu, yesani njira yanu ndi ndalama yochepa kuchokera koyambira mpaka itafika mu akaunti yanu ya National Bank, Standard Bank, FDH, NBS kapena kwina kulikonse, muone masiku amene yatenga ndi zomwe zadulidwa. Dzina la pa akaunti zonse lifanane ndi la pa chitupa chanu cha unzika, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kuimitsa ndalama masabata.

Zodula zina ndi za mtengo wokhazikika pa kutulutsa kulikonse, kaya mukutulutsa madola 40 kapena 400, ndiye kusonkhanitsa n'kutulutsa kamodzi kumapindulitsa. Kutumiza kwa banki ndi banki kuchokera kunja kumadulidwanso ndi mabanki a pakati, choncho pa ntchito ya madola 50 si njira yabwino. Funsani ku banki yanu za akaunti ya ndalama zakunja ndi malamulo a Reserve Bank amene akugwira ntchito nthawi imeneyo, popeza amasinthasintha. Ndipo mu mgwirizano muja onjezerani mzere umodzi wonena kuti mtengo ndi wa madola, ndipo zolipira potumiza ndi za kasitomala.